Mafuta atsopano a sitima zapamadzi: mafunso ndi mayankho

Feteleza, tirigu, kaunjika, mankhwala, petulo ndi magalimoto ochokera ku Japan, zonsezi zimayamba zayenda panyanja yamchere zisanakwezedwe pa lole ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban. Katundu woposa 80 peresenti wa malonda a pakati pa mayiko amanyamulidwa ndi sitima zapamadzi. Panopa eni sitimazi akuuzidwa kuti asiye mafuta akale otulutsa utsi wotenthetsa dziko, ndipo funso limene lavuta aliyense ndi la ndalama: mafuta ati angalowe m'malo mwake popanda kukweza mtengo wa katundu mopyola muyeso?

Kodi sitima zikuluzikulu zimayendera mafuta anji panopa?

Zambiri zimayendera mafuta akuda, okhuthala ngati phula, amene amatsalira akamaliza kuyenga petulo, parafini ndi dizilo. Amayenera kuwatenthetsa kaye kuti ayende m'mapaipi. Anakondedwa chifukwa chotsika mtengo basi. Sitima zonse pamodzi zimawotcha matani pafupifupi 300 miliyoni a mafuta pachaka, ndipo tani iliyonse ikapsa imatulutsa matani oposa pang'ono 3 a mpweya wa carbon dioxide. Kafukufuku amene bungwe la IMO, loona za maulendo apanyanja, linatulutsa mu 2020 anapeza kuti mu 2018 sitima zinatulutsa matani 1,076 miliyoni a mpweya wotenthetsa dziko, pafupifupi 3 peresenti ya wonse umene anthu amatulutsa.

Tisazinamizire sitimazi: pa tani iliyonse ya katundu, sitima yapamadzi imawononga mafuta ochepa kwambiri kuposa lole kapena ndege. Utsi wachuluka chifukwa katunduyo ndi wochuluka.

Ndani akuwakakamiza kusintha?

Woyamba ndi IMO, bungwe la United Nations loona za maulendo apanyanja, limene likulu lake lili ku London, ndipo Malawi ndi membala wake ngakhale ilibe doko la kunyanja yamchere. Mu July 2023 mayiko anagwirizana kuti pofika cha m'ma 2050 sitima zisamawonjezerenso mpweya wotenthetsa dziko. Anaikanso zizindikiro za m'njira: utsi utsike ndi 20 peresenti pofika 2030 ndi 70 peresenti pofika 2040, poyerekeza ndi wa 2008. Mu April 2025 anavomereza ndondomeko yoti sitima yopyola malire a utsi izilipira madola 100 kapena 380 pa tani iliyonse yopyola, malinga ndi malire amene yaphwanya. Ndondomekoyi inayenera kukhazikitsidwa mu October 2025, koma United States ndi Saudi Arabia anaitsutsa kolimba, ndipo mayiko anavota kuti nkhaniyo iime kwa chaka chimodzi.

Wachiwiri ndi European Union, imene sinadikire. Kuyambira January 2024 sitima zikuluzikulu zokocheza m'madoko ake zimagula ziphaso za utsi: 40 peresenti ya utsi wa 2024, 70 peresenti ya wa 2025, ndipo wonse kuyambira 2026. Ulendo wochokera kunja kwa Ulaya umawerengedwa theka. Lamulo lina, FuelEU Maritime, linayamba mu 2025 ndipo likufuna kuti mafutawo aziyera pang'onopang'ono, kuyambira 2 peresenti mpaka 80 peresenti mu 2050.

Si paja mafuta a sitima anayeretsedwa kale mu 2020?

Chimene chinachepetsedwa nthawi imeneyo ndi sulfa, kuchoka pa 3.5 kufika pa 0.5 peresenti. Zinathandiza mapapo a anthu okhala pafupi ndi madoko. Carbon dioxide sanachepe.

Mwa mafuta atsopanowa, otsika mtengo lero ndi ati?

Ndi mafuta ochokera ku zomera ndi zotsalira, makamaka biodiesel wopangidwa ndi mafuta ophikira ogwiritsidwa kale ntchito kapena mafuta a nyama a kumalo ophera. Ubwino wake waukulu ndi woti safuna sitima yatsopano. Amawasakaniza ndi mafuta akale, gawo la 24 kapena 30 peresenti, n'kuthira m'matanki omwewo, injini yomweyo n'kuliza. Ku Singapore, doko limene limagulitsa mafuta a sitima ochuluka kuposa lina lililonse, ndi ku Rotterdam, ku Netherlands, mafuta osakanizawa amagulidwa tsiku ndi tsiku. Amafuna chisamaliro, chifukwa amakoka madzi ndipo akakhalitsa m'thanki amawonongeka n'kutseka masefa, koma amakaniko a m'sitima anazolowera kale.

Vuto ndi kuchepa kwake. Mafuta ophikira akale padziko lonse sangadyetse sitima zonse, ndiye makampani a ndege nawonso akuwalimbirana, ndipo iwo amatha kulipira ndalama zambiri. Chinthu chikasowa chotere chinyengo chimalowa: pakhala madandaulo ku Ulaya oti mafuta atsopano a kanjedza akugulitsidwa ngati akale. Ndipo ngati kukhutiritsa sitima kudzafuna kugwetsa nkhalango ku Indonesia kapena ku Brazil kuti adzale kanjedza ndi soya, utsi wa kugwetsako ungapose umene wapulumutsidwa. N'chifukwa chake lamulo la FuelEU limawerenga mafuta ochokera ku mbewu zodyedwa ngati mafuta wamba a pansi panthaka. Ine ndikuona kuti pamenepa anaganiza bwino. Munda wodyetsa anthu usalandidwe kuti udyetse injini.

Nanga gasi wa LNG? Sitima zambiri zatsopano zikuyendera ameneyu.

N'zoona, ndipo kampani ya CMA CGM ya ku France inatsogolera ndi sitima yake Jacques Saadé ya mu 2020, yonyamula makontena 23,000. Gasiyu amamuziziritsa mpaka madigiri 162 pansi pa ziro kuti asanduke wamadzi. Alibe sulfa, alibe mwaye, ndipo akapsa amatulutsa carbon dioxide wochepa ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo anayi kapena asanu. Koma amachokera pansi panthaka, ndipo ndi methane. Mainjini ena amalola methane wina kutuluka osapsa, ndipo methane amatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide ka 80 tikawerengera zaka 20. Kudontha pang'ono chabe kumafufuta phindu lonse.

Oikira kumbuyo LNG amati matanki ndi mainjini omwewo adzalandira biomethane, gasi wochokera ku ndowe, zinyalala ndi zotsalira za m'munda. Mfundoyi ili ndi mutu, ndipo biomethane ali m'gulu la mafuta oyera otsikirapo mtengo. Koma nayenso ndi wochepa, ndipo akufunidwa ndi mafakitale ndi nyumba za pamtunda.

N'chifukwa chiyani Maersk, kampani yaikulu ya sitima ya ku Denmark, inasankha methanol?

Chifukwa ndi wosavuta kusunga. Ndi wamadzimadzi pa kutentha wamba, safuna kuziziritsa kapena kupanikiza, ndipo akatayikira m'nyanja amasungunuka n'kutha msanga. Sitima ya Stena Germanica, yoyenda pakati pa Sweden ndi Germany, inasinthidwa kuti iziyendera methanol mu 2015. Mu 2023 Maersk inalandira Laura Maersk, yonyamula makontena 2,100, ndipo chaka chotsatira kunabwera Ane Maersk, yonyamula pafupifupi 16,000.

Methanol ali ndi mphamvu theka chabe la mafuta akale pa kilogalamu iliyonse, choncho matanki amakula kuposa kawiri. Ndi poizoni, ndipo lawi lake silioneka bwino masana. Zonsezi n'zotheka kuthana nazo. Chovuta ndi gwero lake. Methanol pafupifupi yense amene alipo lero amapangidwa ndi gasi kapena malasha, ndipo ameneyu sachepetsa utsi ngakhale pang'ono mukawerengera kuyambira kufakitale. Woyera amapangidwa ndi zotsalira za zomera, kapena posakaniza carbon dioxide ndi hydrogen, mpweya wotengedwa m'madzi pogwiritsa ntchito magetsi a dzuwa ndi mphepo. Tani imodzi imafuna matani pafupifupi 1.4 a carbon dioxide, ndipo ayenera kuchokera ku zomera kapena mumlengalenga. Kumukoka mumlengalenga n'kodula zedi.

Fakitale ya ku Kassø, ku Denmark, imene inatsegulidwa mu 2025, ingathe kupanga matani 42,000 pachaka. Maersk yokha imawotcha mafuta pafupifupi matani 10 miliyoni pachaka, kutanthauza kuti ikanafuna methanol woposa matani 20 miliyoni. Mafakitale ngati a Kassø angafunike mazanamazana kuti adyetse kampani imodzi. N'chifukwa chake sitima zambiri zomangidwira methanol zikuyenderabe mafuta akale, ndipo mu 2024 Maersk inaitanitsanso sitima za LNG.

Ammonia ndi wa feteleza. Angayendetse bwanji sitima?

Ammonia amapsa, ngakhale amachedwa kugwira moto, moti injini imafuna dizilo pang'ono woyatsira. Chimene chikukopa akatswiri n'choti mulibe carbon mwa iye. Amapangidwa ndi hydrogen ndi nitrogen, ndipo nitrogen ndiye gawo lalikulu la mpweya umene timapuma. Ulipo paliponse, waulere. Methanol amafuna carbon wosowa uja, ammonia ayi. Ichi ndicho chifukwa chake ambiri amene awerengera za mtsogolo amati pa maulendo ataliatali ammonia ndiye adzakhale wotsika mtengo mwa mafuta onse opangidwa ndi magetsi.

Njira yake si yachilendo, ngakhale kuno kwathu. Ku Kwekwe, ku Zimbabwe, fakitale ya Sable Chemicals inkagawa madzi ndi magetsi a ku Kariba kuti ipeze hydrogen wopangira ammonia wa feteleza, kuyambira m'ma 1970 mpaka 2015, pamene gawo limenelo linatsekedwa magetsi atasowa. Mbiri imeneyi ikusonyeza bwino pamene pagona nkhani: makina alipo, koma amafuna magetsi ambiri, otsika mtengo, osathimathima.

Zoopsa zake ndi zenizeni. Ammonia amawotcha maso ndi mapapo, ndipo akachuluka m'chipinda chotsekeka amapha. M'chipinda cha injini mumakhala anthu, ambiri ochokera ku Philippines, India ndi mayiko ena osalemera, ndipo ndi iwo amene adzapume mpweyawo paipi ikaphulika. Akatayikira m'madzi amapha nsomba. Ngati sapsa bwino amatulutsa nitrous oxide, mpweya wotenthetsa dziko kuposa carbon dioxide ka 270 ndi kupitirira. Amasungidwa pa madigiri 33 pansi pa ziro, ndipo matanki ake amakula pafupifupi katatu.

Zoyesa zinayamba kale. Mu 2024 kampani ya Fortescue inayesa ammonia pa sitima yake Green Pioneer ku Singapore, ndipo NYK ya ku Japan inayamba kugwiritsa ntchito Sakigake, kasitima kokoka zinzake padoko. Kumapeto kwa chaka chomwecho IMO inavomereza malangizo oyembekezera a chitetezo. Koma kuchuluka kofunika n'koopsa: dziko lonse limapanga ammonia matani pafupifupi 180 miliyoni pachaka, wambiri wa feteleza ndipo pafupifupi yense ndi wochokera ku gasi ndi malasha. Kulowa m'malo mwa mafuta onse a sitima kungafune matani oposa 600 miliyoni.

Bwanji osangogwiritsa ntchito hydrogen mwachindunji, kapena mabatire?

Hydrogen amasanduka wamadzi pa madigiri 253 pansi pa ziro ndipo amadya malo aakulu. Pa ulendo wa milungu itatu matanki ake angalande malo a katundu. Mabatire ndi olemera mopitirira. Koma pa maulendo aafupi mabatire ndiwo apambana kale. Ku Norway sitima yowolotsa anthu ndi magalimoto ya Ampere yakhala ikuyendera mabatire kuyambira 2015, ikutchaja mbali zonse ziwiri pamene magalimoto akutsika ndi kukwera, ndipo dzikolo tsopano lili ndi sitima zotere zambirimbiri. Magetsi akalowa mu batire mwachindunji ochepa okha ndiwo amatayika, pamene kuwasandutsa ammonia n'kuwawotchanso mu injini kumataya oposa theka.

Nanga pa Nyanja ya Malawi?

Ilala, imene yakhala ikuyenda kuyambira 1951, imayendera dizilo, ndipo utsi wake ndi kadontho poyerekeza ndi sitima za kunyanja yamchere. Kwa ife nkhani ndi mtengo wa dizilo ndi ndalama zakunja zomugulira. Methanol ndi ammonia alibe malo pano posachedwa. Chimene chingagwire ntchito ndi maboti a mabatire pa maulendo aafupi, malo otchajira a sola ali m'mbali mwa nyanja, ndi injini zatsopano zosamwa mafuta kwambiri pa maulendo ataliatali.

N'chifukwa chiyani mafuta oyerawa ali odula chonchi?

Chifukwa ndi magetsi osandutsidwa madzi. Tani imodzi ya ammonia woyera imadya magetsi pafupifupi mayuniti 10,000. Kuti mupeze mphamvu yofanana ndi tani imodzi ya mafuta akale mufunika matani oposa 2 a ammonia. Magetsi akakhala masenti 3 a dola pa yuniti, mwalipira kale madola oposa 600 pa magetsi okha, musanawerengere makina, chiwongoladzanja cha ngongole, matanki ndi mayendedwe. Mafuta akale m'zaka zapitazi akhala akugulidwa pa madola 500 kapena 600 pa tani. Magetsi akafika masenti 6, ndalama za magetsizo zawirikiza. Choncho mafuta oyerawa amadula kawiri mpaka kanayi.

Apa pali zinthu ziwiri zokha zotsitsa mtengo: malo a dzuwa ndi mphepo yamphamvu nthawi imodzi, kuti makina asamakhale chogona usiku, ndi ngongole ya chiwongoladzanja chochepa. Chachiwirichi chimapweteka mayiko a mu Africa, amene dzuwa ali nalo koma mabanki amawakongoza modula.

Ndiye palibe njira yotsika mtengo kwenikweni?

Ilipo, ndipo ndi imene imakambidwa mochepa: kuwotcha mafuta ochepa. Mphamvu imene sitima imafuna imakwera msanga kwambiri liwiro likakwera. Kuchepetsa liwiro ndi 10 peresenti kumapulumutsa mafuta pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu pa ulendo wonse. Komabe sitima zambiri zimathamanga n'kukaima masiku angapo kunja kwa doko kudikira malo, chifukwa mapangano a malonda amalipira wofika msanga. Madoko atamauziratu sitima tsiku limene malo adzapezeke, mafuta ambiri sakanawotchedwa. Kupala ndere ndi nkhono pansi pa sitima, utoto woterera, ndi kusankha njira motsata nyengo, zonsezi zimabweza ndalama zake m'zaka zochepa.

Kenako pali mphepo. Mu 2023 sitima ya Pyxis Ocean, yobwerekedwa ndi kampani ya Cargill, inaikidwa matanga awiri olimba otalika mamita 37.5, ndipo pa miyezi isanu ndi umodzi inkapulumutsa matani pafupifupi 3 a mafuta patsiku. Pa sitima ya Maersk Pelican anaika migolo iwiri italiitali yozungulira, luso la Anton Flettner la m'ma 1920, ndipo mafuta anatsika ndi 8 peresenti. Mphepo siyendetsa yokha sitima yamakono, koma mafuta akadzadula katatu, chilichonse chochepetsa kamwedwe chidzakhala ndi phindu katatu.

Chimene chimachedwetsa zonsezi ndi kagawidwe ka ndalama. Nthawi zambiri mwini sitima ndiye amagula matanga, pamene wobwereka sitimayo ndiye amalipira mafuta. Wolipirayo sakolola, wokololayo sanalipire.

Kodi msonkho wa utsi ungafananitse mitengo?

Popeza tani ya mafuta akale imatulutsa matani oposa pang'ono 3 a carbon dioxide, msonkho wa madola 100 pa tani ya utsi umakweza tani ya mafuta ndi madola oposa 300. Umenewu ungakwanire kukankhira eni sitima ku biodiesel, matanga ndi kuchepetsa liwiro, koma wokha sungafikitse ammonia pa mtengo wopikisana. Pafunikanso kuti gawo la ndalama zotoleredwa lipite kwa ogula mafuta oyera oyambirira. Popanda lamulo lokhazikika palibe banki ingakongoze fakitale ya ammonia, chifukwa palibe mwini sitima angasaine pangano logula mafuta odula kwa zaka khumi pamene mnzake akuyendera otchipa. Kuchedwa kwa mu October 2025 kunapweteka pamenepa.

Zimenezi zikweza mitengo ya katundu kwathu?

Pang'ono inde, ndipo osati mofanana. Pa foni kapena nsapato, mtengo wa sitima ndi kagawo kakang'ono moti wogula sangazindikire. Pa katundu wolemera wotsika mtengo, monga feteleza, tirigu ndi zipangizo zomangira, kusinthako kumamveka. Fodya, tiyi ndi shuga wopita ku Ulaya akulipira kale kudzera mu ndalama zoonjezera zimene makampani a sitima anaika chifukwa cha ziphaso za utsi. Kuunika kumene UNCTAD, bungwe la United Nations loona za malonda, linachitira IMO kunasonyeza kuti mayiko osaukitsitsa ndi a m'zilumba zing'onozing'ono ndiwo adzamve kuwawa kwambiri.

N'chifukwa chake funso la kumene ndalama za msonkho zidzapita ndi lathu. Mayiko a Marshall Islands ndi Solomon Islands, amene mu 2021 anapempha msonkho wa madola 100 pa tani, ankafuna kuti gawo lalikulu lithandize mayiko osauka. Ndalama za ziphaso za ku Ulaya zimatsala ku Ulaya. Za IMO zikanagawidwa ndi mayiko onse. Dziko lopanda doko ngati Malawi kapena Zambia lili ndi mawu ku London, ndipo liyenera kuwagwiritsa ntchito.

Kodi mayiko a mu Africa angagulitse mafuta amenewa?

Ena angathe. Namibia ili ndi dzuwa ndi mphepo yamphamvu cha ku Lüderitz, ndipo ku Walvis Bay kampani ya CMB.TECH ya ku Belgium inamanga kale malo opangira hydrogen. South Africa ikukamba zopangira mafutawa m'mbali mwa nyanja ku Coega, Saldanha ndi Boegoebaai, Egypt ikudalira ngalande ya Suez, ndipo Morocco ili pafupi ndi Ulaya. Kuyambira kumapeto kwa 2023, sitima zambiri zothawa nkhondo ya pa Red Sea zinayamba kuzungulira ku Cape, kumapeto a kummwera kwa Africa, zimene zinakumbutsa anthu kufunika kwa madoko a kummwera. Ntchito zambiri mwa izi zikadali pa pepala, zikudikira ogula. Ndipo anthu a m'mayikowa ali ndi ufulu kufunsa chifukwa chimene magetsi ochuluka chotere apangidwire sitima za eni pamene midzi yoyandikana nayo ili mumdima. Fakitale ya ammonia yomangidwa mwanzeru ingagulitse gawo lina kwa sitima, lina n'kupangira feteleza wa alimi a m'chigawo chino.

Malawi imapanga ethanol ndi zotsalira za nzimbe ku Dwangwa kuyambira 1982, komanso ku Chikwawa, ndipo mainjini a methanol akuyesedwa ndi ethanol. Koma zimene timapanga n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi ludzu la sitima, ndipo phindu lake lalikulu lili pomwe pano, m'petulo wathu, pamene lita iliyonse imapulumutsa ndalama zakunja.

Mwini sitima amene akuitanitsa yatsopano lero asankhe chiyani?

Sitima imakhala zaka 25 mpaka 30, choncho yomangidwa lero idzakhala ikuyendabe mu 2050. Ambiri akugula injini zolandira mafuta a mitundu iwiri, kuti ngati oyera sapezeka padoko lina aziyendera akale. Sitima zowolotsa anthu pa mtunda waufupi zikupita ku mabatire. Za makontena, zoyenda njira yodziwika pakati pa madoko akuluakulu, zagawikana pakati pa methanol ndi LNG. Zonyamula miyala yachitsulo pa njira imodzi yosasintha, monga kuchokera ku Australia kupita ku China ndi Japan, ndizo zoyenera kuyamba ammonia, chifukwa zimafuna malo othirira mafuta awiri okha ndipo sizinyamula apaulendo. Zovuta kwambiri ndi sitima zing'onozing'ono zakale zoyenda kulikonse kumene katundu wapezeka, ngati zambiri zofika ku Beira ndi Nacala. Zimenezi zidzadalira biodiesel wosakaniza, liwiro lochepa ndi matanga kwa zaka zambiri, mpaka madoko a m'chigawo chino atakhala ndi matanki a mafuta atsopano.